Matemba Alibe Chizindikiro

Umphawi wa m'mudzi monse supweteka kwenikweni, chifukwa mumasekera limodzi zigamba zanu. Umayamba kuluma tsiku limene mnzako amene unkakoka naye khoka la eni wagula lakelake. Ndi mmene zinamuyambira Medisoni, mkamwini wina wa m'dera la Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu, zaka zija Nyanja ya Chilwa isanaphwe.

Kwawo kwa Medisoni kunali kwa Kuntumanji, kumene anasiya mayi ake, a Estere, ndi mlongo wake Elenala. Kwa Mwambo anadzera banja. Anakwatira Rozi, mkazi wopemphera ndiponso wa dzanja lopatsa, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Tamara. Medisoni ankakoka makoka a anthu. Akatsika m'bwato ankalandira mbale ya matemba ndi timakobidi tothera pa sopo ndi mchere. Alamu ake akamuona akudutsa ndi kabudula wong'ambika ankangotsokomola, ndipo iye ankadziwa tanthauzo la chifuwa chimenecho. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Iye ankaona kuti anthuwo akungodikira tsiku loti aterereke.

Mnzake wa pamtima anali Twaibu. Ameneyu sankamwa, ankasunga pang'onopang'ono mpaka anagula khoka. Posakhalitsa anakhoma malata, n'kugulanso njinga ndi wailesi ya makaseti. Medisoni ankamuyamikira pamaso, koma mumtima ankati munthu salemera ndi thukuta lokha, ameneyu pali kumene anapita. Nsanje ndi yotero. Chimene ukufuna kuchita iweyo umayamba wanamizira mnzako kuti anachita kale.

Tsiku lina ananamiza Rozi kuti akukafuna ganyu, n'kukwera bwato la ku chilumba cha Chisi. Kuseri kwa phiri kunkakhala nkhalamba ina yochokera ku Mozambiki, a Mulotha, imene asodzi ankaitchula monong'ona. Medisoni ankayembekezera kukaona zikopa ndi zigoba, koma anapeza mdala waukhondo atakhala pamthunzi masanasana, akusonkhezera mphika wa nyemba za kalongonda. Chimene chinamuopsa n'choti mdalayo sanamufunse dzina ngakhale kumene wachokera.

"Mwabwera ndi njala kapena ndi nsanje?" anafunsa a Mulotha osatukula mutu. "Ngati ndi njala, dikirani kalongondayu apse. Mankhwala amene ndili nawo ine ndi a nsanje."

Medisoni ananena kuti akufuna khoka lodzadza kuposa la munthu wina aliyense padoko. Anatulutsa ndalama zimene anamanga pakansalu, koma mdalayo anazikankha ndi phazi. Anati ndalama n'zopepuka, khoka limadya zolemera. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kanyanga kotalika ngati chala, kotsekedwa ndi phula, n'kumuuza kuti akakasokerere m'thumba la khoka, mmene nsomba zimasonkhana.

"Nsomba zake gulitsani kwa aliyense. Inuyo idyani, akazi anu adye, si magazi anu amenewo. Koma wa magazi anu akangolawa, ngakhale katemba kamodzi, khoka lamutenga. Chizimba chake n'chimenecho."

"Nanga akapanda kulawa, agogo?"

"Ndiye kuti khoka lagona ndi njala, inu mwapindula." Apa m'pamene a Mulotha anamuyang'ana koyamba, akumwetulira. "Kungoti ine chibadwire sindinalionepo khoka logona ndi njala."

Wina akanasiya kanyangako pomwepo n'kuliyatsa liwiro. Koma Medisoni anayamba kuwerengera ngati munthu wochenjera. Mayi ake ndi mlongo wake anali kutali. Pakhomo wa magazi ake anali Tamara yekha, ndipo mwana mmodzi angavute bwanji kumulondera? Anatsika phirilo akuimba mluzu, akuona ngati iyeyo wamudyera mdala uja masuku pamutu.

Khoka analipeza kwa Twaibu yemweyo, amene anali atagula latsopano. Anamupatsa lakale long'ambika ulere, n'kumubwerekanso bwato. Medisoni analisoka, n'kubisamo kanyanga kaja. Ulendo woyamba womwewo bwato linatsala pang'ono kumira ndi matemba. Anzake akamabwera ndi mbale, iye ankabwera ndi madengu. Chaka chisanathe anali ndi mabwato akeake, nyumba ya malata, anyamata omukokera, ndi chimbowera chachikulu, kanyumba kaja asodzi amamanga pa udzu woyandama pakati pa nyanja. Alamu aja chifuwa chinawathera, anayamba kumupatsa mpando akafika.

Koma pakhomo anaika lamulo limene linadabwitsa aliyense. Nsomba ya m'khoka lake isalowe m'nyumba. Ndiwo ankagula kwa asodzi ena, ndipo ankaimirira mpaka aone ndi maso ake khoka limene zatuluka. Rozi atafunsa, anamuyankha kuti zamalonda n'zamalonda, sasakaniza ndi zam'mphika. Anamuletsanso Tamara kuyandikira pamene ankayanika matemba. Tsiku lina anamupeza atatola kamodzi kamene kanagwa m'dengu, ndipo anamumenya padzanja mpaka linatupa. Kuyambira tsiku limenelo Rozi ankamuyang'ana mwamuna wake cham'mbali.

Uthenga woyamba unachokera kwa Kuntumanji. Mayeso, mwana woyamba wa Elenala, anadwala m'mimba n'kumwalira asanafike naye kuchipatala. Medisoni monga malume anapita ndi mbuzi. Anthu ananong'onezana kuti mwini makoka wabwera pamaliro opanda n'dengu limodzi lomwe la nsomba, koma iye ananamizira kusamva. Akudutsa kuseri kumene amayi ankaphika, anaona kambale ka matemba otsala pathandala. Anafunsa Elenala kumene anawatenga. Mlongo wakeyo, maso ali otupa, anati anagula pamsika sabata yatha kwa bambo wina wa njinga amene amapikula ku Kachulu. Dzina lake sankalidziwa.

Medisoni anatola katemba kamodzi n'kukatembenuza uku ndi uku. Kanali ngati katemba kena kalikonse. M'pamene anazindikira chimene sanachiwerengere ku Chisi kuja. Nsomba ikachoka padoko ilibe mwini. Imakwera njinga kupita ku Jali, ku Songani, mpaka mu Zomba, imasintha manja, imasakanizidwa ndi ya makoka ena. Mbuzi umaidula khutu kuti uidziwe, nanga temba ungalidule pati? Pamalirowo sanadye.

Atabwerera anasanduka munthu wina. Wogula aliyense ankamufunsa ngati wapolisi: mukagulitsa kuti, mudzera msewu uti, kwa Kuntumanji mumafikako? Amene wavomera kuti amafikako ankamubweza. Anthu a geni sanachedwe kuphunzira kunama, ndipo iye sanachedwe kudziwa kuti akumunamiza. Njinga iliyonse yochoka padoko ankaiperekeza ndi maso mpaka ikazimiririke. Kusiya khokalo sanakuganizire n'komwe. Ankadziuza kuti mwina Mayeso anangodwala ngati mmene ana amadwalira, ndipo m'mawa mwake ankaponyanso.

Anatumiza mawu kwa mayi ake ndi kwa Elenala kuti asiye kudya matemba, ati ayamba kupatsa matenda. Uthengawo unafika moipa. A Estere anadandaula kwa aliyense wodutsa kuti mwana amene anamubereka okha sawatumizira ndiwo, ndipo tsopano akuwaletsa n'kugula komwe. Monga mudziwa, mwana wamwamuna akaumira, mlandu umagwera mkazi wake. Mawu anayenda mpaka anamupeza Rozi kuchigayo: ati mpongozi wa a Estere ndi waumbombo, anamudyetsa mwamuna mankhwala oti aiwale kwawo.

Rozi zinamupweteka kwambiri, chifukwa analeredwa kuti mkazi waulemu satha nyengo osawaona apongozi ndi kandiwo m'manja. Mwamuna wake atapita kukakhalitsa ku chimbowera, iye anasankha matemba onona, ouma bwino, n'kudzadza dengu. Analisenza yekha mpaka kwa Kuntumanji. Pofuna kumuchotsa manyazi mwamuna wake, anagwada n'kuwauza apongozi akewo kuti mwana wawo ndiye wamutuma.

Uthenga wachiwiri unamupeza Medisoni ali pamadzi. Atafika kumudzi anapeza mayi ake atawasambitsa kale. Elenala anamukokera pambali, n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Achimwene, ndikuthokozeni amayi asanaikidwe. Munachita bwino kuwatumizira dengu lija. Anadya akuseka, akuti mwana wanga wandikumbukira. Apita opanda nanu chifukwa."

Medisoni anakhala pansi pafumbi. Anthu anaona ngati ndi chisoni cha mwana wamasiye, ndipo anamulimbitsa mtima. Pobwerera anamukalipira Rozi njira yonse, mkaziyo akungomufunsa kuti cholakwa n'chiyani pomupatsa mayi wokalamba ndiwo. Rozi anaima pakati pa msewu n'kumufunsa motsitsa mawu kuti m'khoka lake muli chiyani. Iye anati muli nsomba, n'kupitiriza kuyenda.

Chaka cha 1995 mvula inakana, ndipo nyanja inayamba kuthawa. Doko linatsala pamtunda, anthu ankayenda mtunda wautali m'matope kuti apeze madzi. Nsomba zinaunjikana m'malo otsalawo, ndipo khoka la Medisoni linkadzadza mochititsa mantha. Matemba anatchipa, anali m'nyumba iliyonse, anyamata ake ankagawa kwa aliyense wowathandiza kusenza. Kumulondera Tamara kunali ngati kutunga madzi ndi lichero. Medisoni anawonda, tulo tinamuthawa. Mwanayo akabwera kosewera ankamununkhiza m'manja ndi m'kamwa, ndipo mtsikanayo, amene anali atayamba kale sukulu, ankabisala akangomva mawu a bambo ake.

Ndiye Tamara anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Rozi anamubereka kupita naye kumsasa umene achipatala anamanga chifukwa cha kolera, amene anali atabuka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Medisoni anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene mwana wake anadya. Fatuma, mkazi wa Twaibu, anavomera mosabisa kuti anamupatsa chakudya pamodzi ndi ana ake. Nanga mwana wa mnzako si wako yemwe? Ndiwo zake anati anapatsidwa ndi anyamata a Medisoni yemweyo, poti khoka la Twaibu linali litapachikidwa.

Medisoni sanapite kumsasa. Analunjika ku Chisi wapansi, poti tsopano kunali koyendeka. Anadutsa pamatope osweka, pakati pa mabwato ogona chafufumimba, dzuwa likumuotcha pamutu. A Mulotha anawapeza pamthunzi womwe uja. Anawagwadira n'kupempha kuti alandire kanyanga kawo, atenge mabwato, atenge nyumba, bola mwana achire.

"Kanyanga sikabwezedwa, bambo. Ndipo nyumba yanu ndikaitani ine?" Mdalayo anakanda chibwano. "Koma khoka limamva kusinthanitsa. Mlongo muli naye?"

"Alipo mmodzi."

"Mupatseni ndi dzanja lanu, adye inu mukuona. Likakhuta uko, kuno lisiya. Musachedwe, mwana ndi wamng'ono, khoka silitafuna nthawi yaitali."

Zonena n'zochititsa manyazi, koma Medisoni anavomera. Anabwerera, n'kukulunga matemba papepala, n'kupalasa njinga kupita kwa Kuntumanji. M'njira ankadziuza kuti Elenala ndi wamkulu, moyo waudyako, pamene Tamara sanaone kanthu. Mtima wa munthu ukafuna kuchita choipa susowa loya.

Elenala anamulandira ndi chimwemwe. Anamuyalira mphasa, n'kugwada pomupatsa madzi akumwa. Atamva kuti Tamara akudwala, misozi inalengeza, n'kunena kuti mawa lomwe apita kukathandizana ndi Rozi, chifukwa iye akudziwa ululu wa kutaya mwana ndipo sangafune mlamu wake aulawe. Kaphukusi kaja anakalandira ndi manja awiri. Anasonkha moto, n'kuika chiwaya, n'kukhuthuliramo matemba. Fungo litayamba kumveka, anatola kamodzi n'kukauzira kuti alawe mchere.

Medisoni sanadziwe nthawi imene anadzuka. Anamenya dzanja la mlongo wake, n'kukankha chiwaya chonse, matemba n'kumwazikira paphulusa. Kenako anagwa chafufumimba n'kuyamba kulira ngati mwana. Anaulula zonse: za ku Chisi, za kanyanga, za Mayeso, za amayi, ndi chimene chinamubweretsa tsiku limenelo. Elenala anamvetsera mpaka pamapeto osaphethira. Atatha, anapinda mphasa ija mchimwene wake akuona, n'kumuuza kuti achoke asanaitane anthu, ndipo pakhomo pake asadzapondeponso.

Kuchoka kumeneko Medisoni analunjika kumsasa wa odwala. Rozi anali pambali pa mwana, ndipo pafupi naye panali a Pitala, mkulu wa mpingo umene Rozi ankapemphera, bambo wolima mpunga amene Medisoni ankamuseka kuti amangokhalira kupemphera koma nsapato alibe. Tamara maso anali atalowa m'kati. Ataona bambo ake anayesa kubisa dzanja m'nsalu.

"Ababa, musandimenye. Ndinangolawa pang'ono."

Mawu amenewo anamuthyola Medisoni kuposa maliro onse awiri aja. Anamuuza Rozi zonse pamaso pa a Pitala. Kenako anatembenukira kwa mkuluyo n'kumugwira mwendo. Iye njira imene ankaidziwa inali imodzi yokha, ndiye anafunsa mmene anazolowera.

"Abambo, mapemphero anuwa chizimba chake n'chiyani? Nenani, ndipereka. Kaya ndi magazi anga omwe, tengani."

"Magazi ankafunikadi, achimwene, koma anaperekedwa kale pamtanda. Si anu, si a mwanayu. Kuno sitigulitsa kanthu. Sindikulonjezaninso kuti mwanayu adzuka, chifukwa Mulungu si kanyanga koti musokerere m'thumba. Chimene ndikudziwa n'choti wobwera kwa Yesu ndi choonadi sabwezedwa."

Medisoni anawayang'anitsitsa a Pitala, kufunafuna pamene pabisala mbedza. Anali atazolowera kuti chaulere chimaluma kumapeto. Koma mkuluyo sanapemphe kanthu, anangogwada pansi ponyowapo n'kumuuza kuti agwade naye. Medisoni anapemphera koyamba chikulire. Poyamba ankangoti mwana achire, mwana achire. Mawu atamuthera anapezeka akunena china, kuti Ambuye ndine wakupha, ndichitireni chifundo, ndipo mwanayu ngati mumutenga mumutenge inuyo, asapite ndi khoka.

Tamara anamwalira m'mawa mwake, mutu uli pamwendo pa mayi ake.

Achipatala anati ndi kolera, ndipo ife sititsutsa. Chaka chimenecho ana ambiri anapita, a makolo amene sanapondeko ku Chisi. A Pitala nawonso anamuuza zomwezo, kuti mwina kanyangako kanalibe mphamvu iliyonse kuposa mantha amene kanamupatsa. Koma Medisoni anapukusa mutu. Anati kaya kanapha kaya sikanaphe, iye anavomera ndi pakamwa pake, atauzidwa mtengo wake momveka bwino, ndipo tsiku lina anapalasa njinga kukapha mlongo wake. Chimenecho sichinali kolera.

Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kunena zonse, osachotsera. Anthu ena anatuluka, ena analira. Atatuluka m'tchalitchimo, Medisoni anakoka khoka lija mpaka pabwalo, n'kung'amba thumba lake, n'kuonetsa anthu kanyanga kaja. Anazithira palafini n'kuyatsa. Panalibe chodabwitsa chimene chinachitika. Zinangopsa ndi utsi wakuda wonunkha, ngati mmene ulusi wa makoka umapsera.

Madzulo ake alamu ake anamutulutsira bulangete ndi khasu panja. Rozi anali m'nyumba ndipo sanatuluke. Nyumba ya malata inatsala pamalo a eni, mabwato anang'ambika ndi dzuwa pamatope ouma, anyamata ake anabalalika. Kwa Mwambo anamuthamangitsa, kwa Kuntumanji chitseko chinali chotseka. Ana akamuona pamsewu ankathawa. A Pitala okha ndiwo anamutsegulira kakhitchini kawo kuti azigonamo, ngakhale akazi awo sanakondwe nazo.

M'kakhitchini mmenemo m'mene Medisoni anakulira. Analowa kalasi pamodzi ndi ana aang'ono, munthu wa ndevu zake, ndipo anaphunzira kuwerenga Baibulo mochita kuloza ndi chala. Panali masiku amene ankafuna kukadzimangirira, poganiza kuti munthu ngati iye sangakhululukidwe. A Pitala ankamuuza kuti kumeneko n'kudzikuzanso, kuganiza kuti tchimo lako ndi lalikulu kuposa mtanda. Pang'onopang'ono anasiya kuyang'ana anthu m'manja ndi kuwerengera zolinga zawo. Anabatizidwa nyanja itayamba kubwerera. Twaibu, amene anali atamva zonse, anabwera kudzamupempha kuti aziyang'anira limodzi la mabwato ake, koma iye anathokoza n'kukana. Anasankha kulima mpunga m'munda wa a Pitala ndi kukumba manda pakagwa zovuta, ntchito imene sankadikira kuitanidwa.

Rozi anadzakwatiwa kwina. Elenala sanamukhululukire, ndipo Medisoni ankati ali ndi ufulu wotero. Ankamupempherera pomutchula dzina tsiku ndi tsiku. Achinyamata akamadandaula za umphawi n'kuyamba kufunsana njira ya kuseri kwa phiri, iye ankawaitana n'kuwafotokozera yekha, osadzikometsera pena paliponse. Mtendere anaupeza, koma anaupeza ali yekhayekha, ndipo akafika pa dzina la Tamara mawu ankamuthera.

Inu amene mtima ukukutenthani chifukwa mnzanu wakhoma malata, imvani. Chuma chimene mtengo wake ndi munthu si chuma, ndi maliro amene mwalipiriratu. Dyera limakuuza kuti ndiwe wochenjera kuposa amene anagwa kale, ndipo limakusiya utagwira fosholo pamanda a mwana wako. Mulungu amakhululuka ndithu, ngakhale wochimwa ngati Medisoni, koma manda sabweza. Ndi bwino kumufuna Mulunguyo ana ako akadali moyo.